Mutachira ku matenda a mtima: kuyenda pansi, njinga, khasu, gule kapena jimu?

Munthu akatuluka m'chipatala atadwala mtima kapena atagwidwa sitiroko, abale amamuyalira mphasa pakhonde n'kumuletsa chilichonse. "Agogo, khalani pansi, madziwo tikupatsirani." M'masiku oyamba zimenezi n'zoyenera. Zikapitirira miyezi, miyendo imafota, mpweya umayamba kuperewera, ndipo kachitunda kopita kuchigayo kamasanduka phiri.

Kafukufuku wa ku South Korea wofalitsidwa mu 2019, yemwe anatsatira anthu oposa 440,000, anapeza kuti kuwonjezera zolimbitsa thupi zofanana ndi kuyenda mwachangu mphindi 150 pa sabata kunachepetsa chiopsezo cha imfa ndi 14 peresenti mwa odwala mtima ndi mitsempha ya magazi, pamene mwa anthu opanda matendawa chinachepa ndi 7 peresenti. Amene amapindula kwambiri ndi yemwe timamukhazika pamphasa uja. Malangizo a 2020 a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu azichita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata zolimbitsa thupi za mphamvu yapakatikati, komanso masiku awiri olimbitsa minofu, ndipo amene akudwala kuthamanga kwa magazi kapena shuga ali m'gulu lomwelo.

Kumaiko olemera wodwala amaphunzira zimenezi kuchipatala, madokotala akumuyang'anira. Kuno kuchigawo cha Tete ku Mozambique, wodwala wa ku Domwe kapena ku Furancungo amabwerera kumudzi ndi kapepala ka mankhwala ndi tsiku lodzabweranso, ndipo amene anakachitidwa opaleshoni ku Maputo amasiya dokotala wake makilomita oposa 1,500 kumbuyo. Ndiye tisankhe pa zimene tili nazo.

Zimene ndikuyesera njira iliyonse

Funso langa lalikulu ndi loti kodi liwiro mukuliyendetsa ndinu, ndipo mukafuna kuima mungaime pomwepo? Njira yoyezera ilipo yosalira makina. Ngati mukutha kuimba nyimbo yonse, mukuchita mopepuka kwambiri. Ngati mukutha kucheza koma kuimba kukukanika, pamenepo ndiye poyenera. Ngati mawu akudukaduka, mwapyola, chepetsani. Kuwerenga kugunda kwa mtima padzanja kumanamiza amene akumwa atenolol, propranolol kapena carvedilol, chifukwa mankhwalawa amaugwira mtima kuti usathamange ngakhale thupi litatopa.

Kenako pali mtengo, kupezeka, kusamalira kuti zipitirire, ndi zoopsa. Pa kupezeka tisaiwale kuti chigawo cha Tete chili pawiri. Kuchigwa, monga mumzinda wa Tete, ku Moatize, Changara ndi Mutarara, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40. Kumtunda, ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, m'mawa wa Juni ndi Julaye umaluma m'manja. Malangizo amodzi sangakwanire malo onsewa.

Musanayambe chilichonse pitani kuchipatala chaching'ono cha kwanuko (centro de saúde) kapena kwa dokotala amene akukuonani, akuyezeni, ndipo mumufunse mosabisa kuti mungayambe liti komanso chimene simuyenera kuchita. Kuyezetsako n'kofunika chifukwa kuthamanga kwa magazi sikumveka m'thupi. Kafukufuku wa dziko lonse la Mozambique anapeza vutoli mwa akuluakulu pafupifupi 33 pa 100 aliwonse mu 2005 ndi 39 pa 100 mu 2014 ndi 2015, koma odziwa kuti ali nalo sanafike 15 pa odwala 100. Tsiku limene makina aonetsa 180/110 kapena kuposa mutapuma, musachite zolimbitsa thupi. Chimodzimodzi tsiku la malungo, kutsegula m'mimba kapena thupi likatentha.

Pa njira iliyonse imani nthawi yomweyo mukamva kupweteka kapena kulemera pachifuwa, makamaka kofalikira kudzanja, m'khosi kapena m'nsagwada; chizungulire; thukuta lozizira; kubanika kosagwirizana ndi zimene mukuchita; kapena mtima kugunda mosokonezeka. Zikapanda kutha mutapuma mphindi zochepa, ulendo wa kuchipatala usadikire mawa. Pakamwa kupindika, dzanja kufooka kapena lilime kulemera, thamangirani kuchipatala osapuma n'komwe.

1. Kuyenda pansi

*Mtengo.* Nsapato zotseka zokukwanani, ngakhale za pa kaunjika. Mapatapata amapunthwitsa, ndipo wodwala shuga akapanga kachilonda kuphazi kamachedwa kupola.

*Kupezeka.* Paliponse, koma nthawi yake imasiyana. Kuchigwa yendani kukungocha, 7 koloko isanakwane, kapena dzuwa litapendeka kwambiri. Kumtunda m'nyengo yozizira chitani mosiyana: dikirani dzuwa lifunde, cha m'ma 9 kapena 10. Kuzizira kumapanikiza mitsempha ya magazi, kuthamanga kwa magazi kumakwera, ndipo amene amamva kupweteka pachifuwa amakumva msanga akatuluka m'mame. Malo abwino koposa, kwa ine, ndi bwalo la mpira la pasukulu: ndi lafulati, mulibe magalimoto, ndipo mukatopa kwanu kuli pafupi. Mlatho wa Samora Machel umakopa chifukwa cha kamphepo ka Zambezi, koma mukatopa pakati pake mulibe mthunzi.

*Kusamalira.* Apa ndi pamene ambiri amagwera ulesi, chifukwa kuyenda kopanda kopita kumaoneka ngati kusowa zochita. Pamudzi anthu amafunsa. "Bambo, mukupita kuti m'mawa uno?" Mukayankha kuti mukungoyenda, amaseka. Pezani wina woti muziyenda naye, mkazi wanu, mlamu kapena mdzukulu, ndipo anthu akamva kuti ndi lamulo la adokotala amaleka. Yambani ndi mphindi 5 kapena 10, kawiri pa tsiku. Pakatha masiku angapo onjezerani mphindi ziwiri kapena zitatu, mpaka mufike mphindi 30 masiku asanu pa sabata, zomwe ndi 150 zija. Ena amafikapo pa mwezi umodzi, ena pa miyezi itatu, ndipo palibe mpikisano. Mphindi zisanu zoyamba ndi zisanu zomaliza ziziyendedwa pang'onopang'ono; kuima mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire, makamaka kwa omwa mankhwala otsitsa kuthamanga kwa magazi.

*Zoopsa.* N'zochepa kuposa njira zina zonse. Pewani m'mbali mwa msewu wa N7, momwe mathiraki opita ku Zóbuè amadutsa usana ndi usiku, ndipo ku Moatize sankhani njira yotalikirana ndi fumbi la malasha. Omwa mankhwala okodzetsa monga furosemide kapena hydrochlorothiazide madzi amatha msanga m'thupi kukatentha, koma odwala mtima wofooka ena amauzidwa kuchepetsa madzi akumwa. Funsani dokotala muyezo wanu, musatengere wa mnzanu. Ndipo kupita kumsika mutasenza dengu la mbatata ya kachewere kulibe m'gulu lino, kuli m'gulu la ntchito yolemetsa yomwe ndikamba pansipa.

2. Njinga yakapalasa

*Mtengo.* Ngati ilipo kale pakhomo, palibe. Ngati kulibe, ndi ndalama yooneka, ndipo sindingalangize munthu kugulitsa mbuzi chifukwa cha mtima wokha pamene miyendo ilipo.

*Kupezeka.* Njinga zili paliponse, koma zambiri ndi za giya imodzi. Pafulati zimayenda bwino. Pa zitunda za ku Tsangano njira ndi imene imalamula mphamvu yoti mutulutse, ndipo munthu amapezeka ataimirira pa mapedulo, atakukuta mano, mpweya ataugwira. Zikatero tsikani muikankhe, palibe chochititsa manyazi.

*Kusamalira.* Machubu, matayala, tcheni, mabuleki. M'nyengo yamvula matope amaimitsa njinga masabata angapo, ndipo mnyamata wapakhomo akaibwereka simudziwa tsiku lobwera.

*Zoopsa.* Kugwa. Ambiri mwa achinyamata ndi amayi amene anachitidwa opaleshoni ya mavavu a mtima anayamba ndi zilonda zapakhosi ali ana, ndipo matenda a mavavu amenewa ndi ofala kuno: kafukufuku wa ana asukulu ku Maputo wofalitsidwa mu 2007 anawapeza mwa ana pafupifupi 30 pa 1,000 atawaunika ndi makina. Amene anaikidwa vavu yachitsulo amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, moyo wonse, ndipo kwa iwo kumenyetsa mutu pansi kungachititse magazi kukha mkati ngakhale kunja kusakuoneka bala. Amene dzanja kapena mwendo unafooka ndi sitiroko njinga aisiye kaye. Amene anang'ambidwa pachifuwa adikire fupa ligwirane, nthawi zambiri masabata 6 mpaka 12. Ubwino wa njinga uli kwa onenepa ndi odwala mawondo, poti kulemera kwa thupi kumakhala pachishalo. Kabaza ndi kunyamula matumba a makala ndi ntchito ina, ndipo wofuna kubwererako akambirane kaye ndi dokotala.

3. Khasu ndi ntchito zapakhomo

Apa ndi pamene pagona mkangano. Mlimi aliyense amati, "Ine ndimalima tsiku lonse, mukundiuzanso zoyenda?" Funsolo ndi lomveka, ndipo n'zoona kuti wolima ali bwino kuposa wongokhala. Koma kafukufuku wa kumaiko angapo, makamaka ku Denmark, waonetsa kuti ntchito yolemetsa ya tsiku lonse siteteza mtima ngati mmene kulimbitsa thupi kwa kanthawi kochepa kotsatana ndi kupuma kumachitira.

Chifukwa chake chimaoneka mukayang'ana munthu akuunga mizere panthaka youma ya Okutobala. Wawerama, mutu uli pansi. Akakweza khasu amagwira mpweya, n'kuutulutsa ndi kubuula likamenya pansi. Ntchito yonse ili m'manja ndi kumsana, ndipo ntchito ya manja imakweza kuthamanga kwa magazi kuposa ya miyendo ya mphamvu yofanana. Kugwira mpweya kumakukwezanso mwadzidzidzi. Amachita zimenezi maola anayi kapena asanu, nthawi zambiri asanadye, ndipo chomuuza kuti aweruke ndi ndime imene anadzipatsa, osati chifuwa chake. Kuyenda kwa mphindi 30 kumapatsa mtima ntchito yoyezeka kenako n'kuusiya upume. Khasu la tsiku lonse limaupanikiza osaupatsa mpata.

*Mtengo.* Zida zilipo kale. Mtengo weniweni ndi wa aganyu oti agwire ntchito zimene inu mwasiya, kapena mbali ya munda imene igone chaka chino. Banja likhale pansi liwerengere zimenezi mvula isanagwe, chifukwa wodwala akaona udzu ukumera m'munda ndipo palibe wolimamo, amatenga khasu mobisa.

*Kupezeka.* Kumatsata nyengo, ndipo kumatsata molakwika. Ntchito yolemetsa kwambiri imabwera pamene dzuwa likuswa mtengo, ndiye kukolola kukatha munthu amakhala miyezi osachita zambiri. Mtima umafuna pang'ono sabata iliyonse chaka chonse.

*Kusamalira.* Gawani ntchito pawiri. Zimene mungachite dokotala atalola: kubzala, kupalira mopepuka panthaka yonyowa, kuthirira kudimba ndi kheni yosadzaza, kutola nyemba, kutonola chimanga, kusesa, kuweta mbuzi pafupi. Chitani mphindi 15 kapena 20, mupume pamthunzi, mubwererenso. Khasu la mpini wautali limachepetsa kuwerama. Zimene musiyire ena: kugalauza tsala, kuzula zitsa, kuwaza nkhuni, kusinja, kukweza thumba la makilogalamu 50, ndi kusenza chigubu cha malita 20, chomwe ndi makilogalamu 20 pamutu. Kwa amayi mndandanda wachiwiriwu ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndiye amuna ndi ana aakulu ndi amene ayenera kuumva bwino. Mayi wodwala mtima amachira mochedwa pakhomo pamene aliyense akudikira kuti iye yemweyo akatunge madzi.

*Zoopsa.* N'zazikulu kuposa za kuyenda. Munda umakhala kutali ndi msewu, netiweki imavuta, ndipo munthu amapita yekha. Musapite kumunda nokha m'miyezi yoyamba. Amene munapatsidwa kapiritsi koika pansi pa lilime kakhale m'thumba la malaya, osati pawindo kunyumba.

4. Gule, kwaya ndi magulu

*Mtengo.* Palibe, kupatula chitenje cha gulu kapena kachopereka.

*Kupezeka.* Kwaya ili mu tchalitchi chilichonse, amayi ali ndi chimtali ndi chitelele, Angoni ali ndi ngoma yawo. Koma gulu limakumana kamodzi kapena kawiri pa sabata, zomwe sizikwanira pazokha.

*Kusamalira.* Iyi ndiyo njira imene anthu saisiya, chifukwa mukajomba anzanu amabwera kudzakufunsani. Ndipo ili ndi phindu lina limene sitikamba kawirikawiri. Ambiri akadwala mtima amagwidwa ndi mantha ndi kukhumudwa, amadzitsekera m'nyumba, ena mpaka amasiya mankhwala. Kubwerera pagulu kumathandiza zimenezo. Kuponda masitepe kumaphunzitsanso okalamba kusadzandira, zomwe WHO imalangiza a zaka 65 kupita m'tsogolo kuti azichita masiku atatu pa sabata.

*Zoopsa.* Liwiro limachokera kwa woimba ng'oma, ndipo kutuluka m'bwalo nyimbo ili mkati kumachititsa manyazi. Uzani atsogoleri a gulu pasadakhale kuti inu muzivina nyimbo imodzi n'kupuma ina, ndipo muziima cha kumapeto kwa mzere. Kuponda mwamphamvu kwa ngoma, kudumpha, ndi kuvina m'bwalo la gule wamkulu n'kwa amene mtima wawo uli bwinobwino. Kuchezera usiku wonse pachikondwerero, ndi mowa womwe umabwera nako, kumafafaniza phindu lonse.

5. Jimu, ndi kulimbitsa minofu pakhomo

*Mtengo.* Jimu ndiyo yodula pa zonse: malipiro a mwezi ndi mwezi kuphatikiza ya minibasi (chapa) kapena njinga yamoto ya matayala atatu (txopela).

*Kupezeka.* Kwa okhala mumzinda wa Tete basi, ndi matauni ochepa.

*Kusamalira.* Mwezi umene ndalama yavuta, zonse zaima.

*Zoopsa.* Njinga yosayenda ndi makina oyendapo ndi abwinodi, chifukwa liwiro mumatchera nokha, simugwa mumsewu, ndipo muli pamthunzi m'nyengo yotentha. Vuto ndi loti ophunzitsa ambiri anazolowera anyamata ofuna kutupitsa minofu, ndipo mawu awo ndi akuti "kamodzinso, kamodzinso". Auzeni za matenda anu tsiku loyamba. Zitsulo zolemera, zakumwa zopatsa mphamvu ndi maufa otupitsa minofu musayandikire.

Masiku awiri olimbitsa minofu aja sakufuna jimu. Khalani pampando wolimba, dzukani osagwira, khalaninso, kasanu ndi katatu kapena kakhumi. Imani moyang'ana khoma, manja pakhoma, dzikankheni. Gwirani msana wa mpando n'kumanyamuka ndi zala za kumapazi. Botolo la lita imodzi lodzaza madzi ndi kilogalamu imodzi, lokwanira kuyambira manja. Lamulo ndi limodzi: tulutsani mpweya pamene mukukankha kapena kukweza, ndipo kuwerenga mokweza kumathandiza kuti musaugwire.

Mpira ndi kusambira sindizitayira nthawi. Mpira umafuna kuthamanga mwadzidzidzi ndi kugundana, ndipo palibe amene amakumbukira mtima wake goli ili patsogolo. Mu Zambezi ndi m'nyanja ya Cahora Bassa muli ng'ona ndi mvuu, ndipo m'madzi odekha muli likodzo.

Ndani asankhe chiyani

Amene mwangotuluka m'chipatala mtima utakugwirani mwadzidzidzi: kuyenda pabwalo la pakhomo, mphindi 5 mpaka 10 kawiri pa tsiku, wina ali pafupi. Zina zonse zidikire tsiku lokaonananso ndi dokotala.

Mlimi wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga amene papita miyezi ndipo akupeza bwino: kuyenda chaka chonse dzuwa litafunda, ntchito zopepuka za kumunda mwa zigawo za mphindi 15 kapena 20, ndipo ndime yolemetsa ipite kwa aganyu kapena ana. M'miyezi ya Juni mpaka Seputembala, pamene khasu lapachikidwa, wonjezerani kuyenda.

Wogwira ntchito ya mu ofesi kapena woyendetsa galimoto mumzinda wa Tete kapena ku Moatize: kuyenda m'bandakucha, ndipo ngati thumba likulola, njinga yosayenda ya kujimu m'miyezi iwiri kapena itatu yotentha kwambiri. Kulipira chaka chonse sikofunika.

Wodwala mtima wofooka, amene miyendo imatupa ndipo amagonera mapilo angapo: kuyenda pang'ono n'kupuma, kuyendanso, pamalo afulati, kuphatikiza kudzuka pampando. Thupi likalemera ndi makilogalamu awiri m'masiku atatu, kapena kutupa ndi kubanika kukawonjezeka, imani ndipo mukaonane ndi achipatala.

Amene anagwidwa sitiroko: pitani kaye ku fisioterapia (gawo lophunzitsa ziwalo zofooka kugwiranso ntchito) ya Hospital Provincial de Tete kapena chipatala cha boma lanu ngati ilipo, akuphunzitseni zochita pakhomo pamodzi ndi amene amakusamalirani. Kenako kuyenda ndi ndodo, mnzanu ali kumbali yofookayo, ndi kudzuka pampando tsiku lililonse. Kwaya ndi yabwino ngakhale muziimba mutakhala.

Wachinyamata kapena mayi amene ali ndi vavu yachitsulo ndipo akumwa warfarin: kuyenda mwachangu ndi gule wopanda kudumpha. Njinga pokhapokha panjira yafulati yopanda magalimoto, mpira ayi, ndipo jakisoni wa penicillin ngati munalemberedwa musamudumphe.

Wonenepa amene mawondo amamuvuta: njinga pafulati, kutsika pachitunda chilichonse.

Agogo okhala okha kapena amene mtima wawagwa chidwalireni: gulu la kutchalitchi kawiri pa sabata, ndipo masiku enawo mdzukulu aziwaperekeza kuzungulira bwalo la sukulu. Wazaumoyo wa m'mudzi wa m'dera lanu adziwe za matenda awo, ndipo nambala ya wa njinga yamoto amene angawathamangitsire kuchipatala ilembedwe pakhoma pamene aliyense angaione.